Kajambulidwe ka ndege zakale zankhondo pa chionetsero: pulopela isaime

Munthu amachoka pa chionetsero cha ndege ali ndi zithunzi 2,000 m'kamera, khosi likuwawa, m'makutu mukulirabe. Akakhala pa kompyuta madzulo amagwa ulesi. Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain, yaoneka bwino lomwe, timisomali tonse ta pa phiko tikuwerengeka, koma pulopela yaima njo, ngati injini yazimira m'mwamba. Pa chithunzi china ndege yangokhala kadontho kakuda pakati pa thambo loyera mbee. Pa china mchira wadulidwa. Ambiri amathamangira kunena kuti vuto ndi lenzi, nayamba kusunga ndalama zogulira ina. Kawirikawiri lenzi imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala pa liwiro la shutter (kachitseko ka m'kamera kamene kamatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kulowe), pa malo amene munaima, ndi pa momwe thupi lanu limatsatirira ndege.

Zofunika kutenga

- Kamera yolola kuti musankhe nokha liwiro la shutter, kaya DSLR kaya mirrorless. Yakale imagwira ntchito ndithu.
- Lenzi yaitali yofika 300mm kapena kupitirira. Ambiri amagwiritsa ntchito 70-300mm, 100-400mm kapena 150-600mm. Ngati sensa ya kamera yanu (mbali yolandira kuwala) ndi ya APS-C, yocheperako ija, mwapindula, chifukwa 300mm imaona ngati 450mm, ndipo pa Canon imaona ngati 480mm.
- Lenzi yaifupi ya ndege zoimikidwa pansi. Ija inabwera ndi kamera, 18-55mm, ndi yokwanira.
- Fyuluta ya ND yochepetsa kuwala, ND4 kapena ND8, ya saizi ya lenzi yaitaliyo.
- Mabatire awiri apadera ndi makadi a memory okwanira.
- Kampira kopopera fumbi ndi kansalu kopukutira lenzi.
- Zotseka m'makutu, chipewa, madzi akumwa, chovala cha mvula, ndi thumba lapulasitiki lovindikirira kamera.
- Kampando kopinda, ngati malamulo a chionetserocho akulola.

Tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, isiyeni kunyumba. Ndege ikakwera pamwamba pa mutu wanu mudzapunthwa pa miyendo yake, ndipo oyandikana nanu sadzakondwera.

Tsiku lisanafike

1. Tsukani sensa ndi kuiyesa. Ikani kamera pa f/16 (nambala ya f ikakula, kabowo ka mu lenzi kolowetsa kuwala kamachepa), jambulani thambo kapena khoma loyera, kenaka kulitsani chithunzicho pa kompyuta. Timadontho totuwa timene mukuonato ndi fumbi. Pa zithunzi za tsiku ndi tsiku sitioneka, koma pa chionetsero mudzakhala mukujambula thambo loyera pa f/11 kapena f/16, ndipo kadontho kalikonse kadzabwereza pa malo omwewo m'zithunzi zonse. Popani ndi kampira kamera itayang'ana pansi. Chenjezo: musauzire ndi pakamwa, mumasiya malovu pa sensa.

2. Dziwani komwe dzuwa lidzakhale. Tsegulani mapu a bwalolo, muone mbali imene anthu amaima ndi mbali imene amayang'ana. Dzuwa mukulifuna kumsana. Ku Oshkosh ku America, komwe chionetsero cha EAA AirVenture chimachitika mu July, anthu amayang'ana kum'mawa ndipo ndege zimaseweretsedwa masana, motero dzuwa limakhala kumbuyo kwawo. Ku Duxford ku England anthu amayang'ana kummwera, komwe dzuwa limakhala kumeneko, ndiye wojambula amalimbana nalo pafupifupi tsiku lonse. Mukakhala pa bwalo lotere pitani chakumapeto kwa mzere wa anthu, mbali imene dzuwa lidzakhale cham'mbali mwanu nthawi ya masana.

Kumapetoko kuli phindu lina. Pakati pa mzere ndege imadutsa mowongoka, inu n'kumangojambula nthiti yake. Kumapeto ndi komwe imapendekeka pokhota, n'kukuonetsani msana wa mapiko, ndipo chithunzi chimene aliyense amachifuna n'chimenecho. Phiko la Spitfire, lija lozungulira ngati tsamba, silioneka ndege ikadutsa cham'mbali. Ku Old Warden ku England, komwe kuli ndege za Shuttleworth Collection, mzere wa anthu ndi wokhota, choncho ndege zimazungulira gulu zitapendekeka. Ojambula amawakonda malowo chifukwa cha zimenezi.

3. Yesererani pa magalimoto. Imani pamalo otetezeka m'mbali mwa msewu, ikani shutter pa 1/125 ya sekondi, ndipo tsatirani galimoto iliyonse yodutsa. Cholinga n'chakuti galimoto ioneke bwinobwino, mitengo ya kumbuyo ikhale ngati yakokedwa. Ola limodzi la zimenezi limakupindulitsani kuposa lenzi yatsopano. Osadikira kukaphunzirira pa Lancaster, ndege yaikulu yoponya mabomba. Padziko lonse zatsala ziwiri zokha zouluka, ina ya Battle of Britain Memorial Flight ku RAF Coningsby ku England, ina ku Hamilton ku Canada, ndipo ikadutsa katatu kapena kanayi basi yapita.

Kukonza kamera

4. Sankhani liwiro la shutter molingana ndi pulopela. Nkhani yonse yagona apa. Ikani kamera pa S, kapena Tv ngati ndi Canon, kuti inu muzisankha liwiro, kamera izisankha aperture, kukula kwa kabowo ka mu lenzi. ISO, yosonyeza mphamvu imene kamera imakwezera kuwala, ikhale 100, kapena kutsikirapo ngati kamera ikulola.

Tiwerengere limodzi. Injini ya Rolls-Royce Merlin, ya mu Spitfire, Hurricane, Lancaster ndi Mustang, imafika pa 3,000 pa mphindi ikatsegulidwa yonse, koma magiya amachepetsa liwirolo kuti pulopela izizungulira mosafika theka lake. Tiyerekeze kuti pulopela ikuzungulira ka 1,200 pa mphindi. Ndiye kuti pa sekondi imodzi ikuzungulira ka 20. Ngati ili ndi masamba anayi, monga ya P-51D Mustang, tsamba limafika pamene panali linzake mu 1/80 ya sekondi. Mukajambula pa 1/80 mumapeza mkombero wathunthu. Ya masamba atatu, monga ya Hurricane zambiri, imafuna 1/60. Pa 1/320 tsamba limangoyenda madigiri pafupifupi 22, okwanira kuonetsa kuti injini ili moyo. Pa 1/1000 limayenda madigiri 7 okha, ndipo m'maso mwa woona chithunzi laima.

Choncho yambani motere:

- 1/320 ngati n'koyamba. Zithunzi zambiri zituluka bwino, pulopela ioneka kuti ikuyenda.
- 1/250 mpaka 1/160 dzanja likazolowera.
- 1/125 mpaka 1/60 ngati mukufuna mkombero, podziwa kuti zambiri mudzataya.
- Helikopita: 1/125 kapena kutsikirapo, popeza masamba ake aataliwo amazungulira pang'onopang'ono.
- Jeti zakale monga Hawker Hunter, MiG-15 kapena F-86 Sabre: 1/1000 kupita m'mwamba. Zilibe pulopela, palibe chodzivutitsira.

Ine ndimachita chonchi: ndege ikadutsa koyamba ndimajambula pa 1/320 kuti ndikhale ndi chogwirika. Ikabwerera ndimatsitsa pa 1/160. Kachitatu ndiye ndimayesa mwayi pa 1/80. Zikakanika, choyamba chija chilipo.

Pulopela imazungulira kwambiri ndege ikamanyamuka, ndiye mpata wabwino wopezera mkombero ndi umenewo. Ikamayenda pansi kupita koimika injini imangoguguda, ndipo ngakhale 1/125 ikhoza kuimitsa masamba. Pamenepo tsikani pa 1/60 kapena 1/30, zigongono zitatsamira pa mpanda.

Chenjezo: ngati kamera yanu ndi mirrorless, zimitsani electronic shutter, mugwiritse ntchito mechanical. Makamera ambiri akakhala pa electronic amawerenga sensa mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, ndipo pulopela imatuluka yopindika ngati chikwakwa. Foni nayo imachita chimodzimodzi.

5. Chepetsani kuwala ndi fyuluta. Dzuwa likawala bwino, 1/125 pa ISO 100 imakankhira kamera ku f/16. Mukatsika pa 1/60 imapempha f/22, ndipo makamera ena amangothwanima nambala posonyeza kuti afika pothera. Pa f/22 chithunzi chimafewa ndipo fumbi lonse limaonekera poyera. ND8 imabweza kamera kuchoka pa f/16 kufika cha pa f/5.6, ND4 imaibweza pa f/8, pomwe malenzi ambiri amagwira bwino. Kukachita mitambo ichotseni, apo ayi kamera ivutika kupeza fokasi.

6. Konzani fokasi. Sankhani AF-C, kapena AI Servo pa Canon zambiri, kuti kamera izitsatira ndege nthawi yonse imene chala chili pa batani. Musasiye kamera kuti isankhe yokha pa chithunzi chonse, makamaka ndege ikamauluka motsika. Ikhoza kugwira mtengo, mbendera kapena mutu wa munthu wa patsogolo panu. Sankhani kagulu ka timadontho ta pakati. Makamera atsopano ena amazindikira ndege okha, ndipo ngati yanu imatero yatsani. Lenzi ikakhala ndi kabatani koletsa fokasi ya pafupi, kaikeni pa mtunda wautali kuti isamasakesake.

Pa lenzi pakhozanso kukhala kabatani ka IS, VR, OS kapena OSS, koletsa kugwedezeka. Pojambula ndege youluka kaikeni pa Mode 2 kapena Sport, yomwe anaipangira kutsatira chinthu choyenda. Pa Mode 1 lenzi imayesa kuletsa kuyenda kwa dzanja lanu lomwe, ndipo ndege imangodumphadumpha m'diso.

7. Onjezani kuwala pa ndege. Kamera ikaona thambo lowala imaganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imadetsa chithunzi chonse. Ndege imatuluka yakuda bii. Gwiritsani ntchito batani la +/-. Kumwamba kukakhala mitambo yoyera onjezani +1, nthawi zina kupitirira. Kukakhala kobiriwira dzuwa lili kumsana, +1/3 imakwana.

Apa mtundu wa ndege ndi wofunika kuuyang'ana. Lancaster ndi yakuda kumimba ndi m'nthiti, chifukwa inkaponya mabomba usiku. Corsair zambiri n'zabuluu wodera. Zimenezi zimafuna kuwala koonjezera. Mustang kapena B-29 yopukutidwa chitsulo chake mpaka kunyezimira imafuna kuti mubweze pa 0 kapena -1/3, chifukwa dzuwa likagunda phiko pamatsala chigamba choyera chopanda kanthu, ndipo pa kompyuta simungachikonze. Chimodzimodzi mizere yakuda ndi yoyera ya pa Dakota, ndege yonyamula asilikali ndi katundu, ija anaipaka pa ndege za D-Day, tsiku limene asilikali a Britain, America ndi anzawo anafika pa gombe la France mu June 1944: yang'anirani yoyerayo. Yatsani chenjezo lothwanima pa malo opsa ndi kuwala, ndipo jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yaona, kuti mithunzi mudzaidzutse pambuyo pake.

Ndege ikamabwera

8. Imani moyenera, mutsatire ndi chiuno. Mapazi atalikirane ngati mapewa, ndipo ayang'ane kumene mukufuna kudzajambulira, osati kumene ndege ikuchokera. Kenaka potolani chiuno kuti mukakumane nayo. Mukatero thupi limamasuka pamene ndege ikufika pamalo abwino. Ambiri amachita mosemphana: amayang'ana komwe ikuchokera, ndipo ikafika patsogolo pawo amakhala atapotoka, akupepesuka.

Dzanja lamanzere likhale pansi pa lenzi, chakutsogolo. Zigongono zigunde nthiti. Kamera itsamire pa nsidze. Ipezeni ndege ikadali patali, ikani kadontho ka fokasi pa malo amodzi, monga pa galasi la woyendetsa, ndipo kasachokepo. Dinani batani mofatsa, zithunzi zitatu mpaka zisanu, chiuno chikuyendabe. Mukasiya kudina pitirizani kuitsatira. Amene amaima pomwe wadina amawononga chithunzi chake chomwe.

Mudzaona chinthu chodabwitsa pa 1/125: pakati pa ndege pakuoneka bwino, koma mphuno ndi mchira zili mwachimbuuzi. Si dzanja lanu. Ndege ikamayandikira kapena kutalikira, mbali zake zimayenda mosiyana m'diso la kamera. Zimatha ndege ikafika moyang'anizana nanu ndendende, choncho sungani chala mpaka pamenepo.

9. Siyani malo kutsogolo kwa mphuno. Musadzaze chithunzi ndi ndege. Ikapendekeka mwadzidzidzi phiko limatuluka kunja. Bwezani zoom pang'ono, mudzadula pa kompyuta. Podulapo siyani malo ambiri kumene ikupita kusiyana ndi kumene yachokera.

Ndege zikabwera pagulu, gwirani yomwe ili pafupi nanu ndipo musasinthe. Pa f/8 zinazo zioneka bwino.

Musataye mabatire pa ndege yomwe ili kutali. Masana otentha mpweya umavina pamwamba pa bwalo, ndipo chilichonse chojambulidwa patali chimatuluka ngati chili m'madzi, ngakhale lenzi ikhale yodula motani. Dikirani ifike.

10. Sinthani liwiro ndege zikasintha. Ndondomeko ya tsikulo muikhale nayo m'thumba, ndipo mverani wolengeza. Pambuyo pa jeti kukamabwera Harvard, ndege ya pulopela yophunzitsira oyendetsa, tsitsani shutter isanaoneke. Harvard mudzaidziwa ndi khutu: pulopela yake imazungulira pa liwiro la injini popanda magiya, nsonga za masamba zimafika pa liwiro la mawu, ndiye imalira mokalipa kuposa ndege zina zazikulu. Kamera ikakhala ndi C1 ndi C2, kapena U1 ndi U2, malo osungira makonzedwe anu, sungani za pulopela pa imodzi, za jeti pa inayo.

Ndege zili pansi

Fikani zipata zikangotsegulidwa. Dzuwa la m'mawa ndi lofewa ndipo anthu amakhala asanazungulire ndege. Gwadani, mujambule cham'munsi. Ndege zambiri za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse zili ndi kagudumu kumchira, mphuno imaloza m'mwamba, ndipo kuchokera pansi zimaoneka zaukali. Kugwada kumabisanso zingwe, matenti ndi magalimoto a kumbuyo.

Ngati anthu adzaza, lekani zofuna ndege yonse. Yandikirani pa mapaipi a utsi othimbirira, pa zojambula za pamphuno ya B-17 kapena B-25, pa mafuta otsika m'nthiti, pa dzanja la makaniko. Foni apa imagwira ntchito bwino.

Musaphonye nthawi yoliza injini. Injini zozungulira, za mu Corsair, Dakota ndi B-25, mafuta amatsikira m'masilinda a pansi ndege ikaima, ndiye ikamalira imalavula utsi wambiri. Merlin nthawi zina imatulutsa malawi m'mapaipi. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa. Konzani kamera pulopela isanayambe kutembenuka, ndipo imani cham'mbali kuti mphepo yake isakuthireni mchenga mu lenzi. Ndege zambiri za kagudumu kumchira zikamayenda pansi zimapita mokhotakhota chifukwa woyendetsa saona kutsogolo, mphuno imamutchinga. Kukhotako kumakupatsani mphindi imene ndege imayang'ana kwa inu. Idikireni.

Chenjezo: pulopela musaigwire, ngakhale ndege ikuoneka yozima. Waya wa magneto, chipangizo chopereka magetsi oyatsa mafuta mu injini, ukakhala ndi vuto, kutembenuza tsamba pang'ono kukhoza kuliza injini. Chingwe chotchinga musachidumphe pofuna chithunzi.

Zolakwika zomwe zimabwerezabwereza

*Kusiya kamera pa Sport kapena Auto.* Imasankha liwiro lalikulu ndipo pulopela iliyonse imaima. Pa kompyuta ena amayesa kuipaka chimbuuzi chabodza, koma wodziwa ndege amazindikira msanga.

*Kuiwala kubwerera pa liwiro la jeti.* Sabre pa 1/125 imatuluka ngati mzere wa choko.

*Kudina osasiya.* Chala chikakakamira pa batani ndege ikadali kutali, kamera imadzaza n'kuyamba kuchedwa nthawi yomwe ndege yapendekeka patsogolo panu. Mudzamva ikutsamwa, chithunzi chenicheni chikudutsa.

*Kuyang'ana pa sikirini ndege ili m'mwamba.* Onani chithunzi chimodzi kuti mutsimikize kuwala, kenaka maso kumwamba. Zofufuta muzichita kunyumba. Pa sikirini yaing'onoyo, padzuwa, chabwino ndi choipa zimafanana, ndipo mukhoza kutaya chabwino.

*Kusintha lenzi pamphepo.* Bwalo la ndege ndi la fumbi ndi udzu wouluka. Ngati simungachitire mwina, tembenukirani mphepo msana, zimitsani kamera, iyang'anitseni pansi, musinthe msanga.

*Kutaya mtima ndi kuchuluka kwa zowonongeka.* Pa 1/80 ngakhale akatswiri amataya zambiri. Posankha, kulitsani chithunzi pa 100%, muyang'ane galasi la woyendetsa ndi zilembo za m'nthiti. Zikawerengeka, sungani.

*Kukaima kunja kwa mpanda, kumapeto kwa msewu wa ndege.* Ena amatero pofuna dzuwa labwino kapena pothawa kulipira pakhomo. Mzere wa anthu anauika pamene ulipo kuti ndege ikavuta isagwere pa iwo, ndipo kunja kwa mpanda chitetezo chimenecho kulibe. Pa 22 August 2015, pa chionetsero cha ku Shoreham ku England, Hawker Hunter inalephera kumaliza sewero lake lozungulira m'mwamba n'kugwera pa msewu wa A27, kunja kwa bwalo, ndipo anthu 11 anafa. Drone nayo isiyeni kunyumba: pa chionetsero siloledwa, ndipo ikaoneka m'mwamba okonza amaimitsa ndege zonse mpaka itsike.

*Kuvula zotseka m'makutu pofuna kumva Merlin.* Chikhumbocho n'chomveka. Vulani Spitfire ikamadutsa, koma bwezerani wolengeza akangotchula jeti.